Khola la tibirimankhwe

Khola la tibirimankhwe ndi bokosi la galasi lomwe mkati mwake amaikamo dothi, masamba ofota, timitengo ndi zomera zamoyo pofuna kuti mufanane ndi pansi pa nkhalango yachinyezi. Pa Chingerezi khola lotere amalitcha terrarium. Amawetamo abirimankhwe ang'onoang'ono a magulu awiri, Rhampholeon ndi Rieppeleon, omwe kwawo ndi mu Africa mokha. Tambiri mwa tinyamati sitipitirira masentimita 10 kuchokera kumphuno kufika kunsonga ya mchira. Mosiyana ndi birimankhwe wamkulu wobiriwira amene amaoneka m'minda ndi m'misewu, tibirimankhwe timakhala pansi m'masamba ofota, pamalo ozizira ndi amthunzi, ndipo timafa msanga tikatenthedwa kapena tikasowa chinyezi. M'Malawi muli mitundu ingapo ya tinyamati, ina mwa iyo ili pafupi kutha, choncho nkhani ya kutiweta imayendera limodzi ndi nkhani ya malamulo ndi kasamalidwe ka nkhalango.

Maonekedwe ndi khalidwe

Kabirimankhwe kamakhala kofiirira kapena kotuwa, thupi lake lophwatalala m'mbali ngati tsamba louma. Mitundu ina ili ndi mizere m'nthiti yofanana ndi mitsempha ya tsamba. Mchira ndi waufupi ndipo sugwira nthambi mwamphamvu monga umachitira wa birimankhwe wamkulu. Kamasintha mtundu pang'ono chabe, makamaka kuda kakapsa mtima ndi kuyera kakagona. Masana kamayenda pang'onopang'ono m'masamba kusaka tizilombo, ndipo kamagwira chakudya ndi lilime lalitali lomata. Kukada kamakwera pa udzu kapena pa kamtengo kafupi n'kugona pamenepo. N'chifukwa chake akatswiri amatisaka usiku ndi tochi. Kakagwidwa kamanjenjemeretsa thupi kapena kudzigwetsa pansi n'kukhala duu ngati kafa. Moyo wake ndi waufupi: m'khola tambiri timakhala chaka chimodzi mpaka zitatu.

Mitundu ya m'Malawi

Rieppeleon brachyurus kadalembedwa koyamba ndi Albert Günther mu 1893 kuchokera ku mapiri a Shire, chigawo chomwe muli Zomba, Blantyre ndi Thyolo. Kamapezekanso ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Gulu la Rieppeleon lidapatulidwa ku Rhampholeon mu 2004.

Rhampholeon platyceps, komwe Günther adakalembanso mu 1893, kamakhala m'nkhalango za phiri la Mulanje. Bungwe la IUCN lidakaika pa mndandanda wa nyama zomwe zili pachiopsezo.

Rhampholeon nchisiensis kadatchulidwa ndi Arthur Loveridge mu 1953 potengera dzina la phiri la Ntchisi. Kamapezekanso m'nkhalango za kumpoto kwa Malawi ndi kummwera kwa Tanzania.

Rhampholeon chapmanorum kadalembedwa ndi Colin Tilbury mu 1992. Kwawo ndi nkhalango ya mapiri otchedwa Malawi Hills pafupi ndi Nsanje, ndipo kamatalika masentimita pafupifupi 6. Aka ndi komwe kali pachiopsezo chachikulu kuposa tonse.

Ku Mulanje kulinso Nadzikambia mlanjensis, birimankhwe wa m'mitengo yemwe sali m'gulu la tibirimankhwe. Dzina la gulu lake, lomwe lidaperekedwa mu 2006, lidachokera ku liwu la Chichewa lakuti nadzikambe.

Mtundu umene umawetedwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America si wa m'Malawi. Ndi Rieppeleon brevicaudatus wa ku Tanzania ndi Kenya, wodziwika ndi kandevu kapansi pa chibwano. Zambiri zomwe zimadziwika pa kaweteredwe zidachokera pa mtundu umenewu.

Malo ake achilengedwe ku Thyolo

Woweta amayesa kutsanzira malo onga amene amapezeka m'zigwa za ku Thyolo. Boma limeneli lili pamtunda, limalandira mvula yambiri, ndipo m'miyezi yozizira kumagwa chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu yochokera chakummwera chakuvuma. Kale mapiri ake adali ndi nkhalango zobiriwira chaka chonse. Zambiri zidadulidwa potsegula minda ya tiyi, ya chimanga ndi ya nthochi, ndipo nkhalango ya paphiri la Thyolo idatha pafupifupi yonse cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. M'madera oyandikana ndi minda ya tiyi, monga kwa Mfumu Kapichi, anthu ndi ochuluka ndipo malo olima ndi ochepa, kotero mitengo yachilengedwe idatsala m'mbali mwa mitsinje, kumanda ndi m'tinkhalango tomwe maesiteti ena, monga Satemwa, adatisiya osadula.

Pansi pa nkhalango yotere dzuwa silifika mwachindunji. Masamba amaunjikana n'kumaola pang'onopang'ono, dothi limakhala lonyowa koma losadikha madzi, ndipo mmawa uliwonse pamasamba pamakhala mame. Munda wa tiyi kapena wa bulugamu sungalowe m'malo mwa nkhalango imeneyi, ndipo kabirimankhwe ka m'nkhalango sikatha kudutsa mtunda wautali wa poyera kupita kunkhalango ina.

Kamangidwe ka khola

Khola labwino limakhala la galasi m'mbali kuti lisunge chinyezi, ndi la sefa pamwamba kuti mpweya uziyenda. Sefayo imafunika ya maso ang'onoang'ono kuti tizilombo todyetsera tisatuluke komanso nyerere zisalowe. Popeza tinyamati timakhala pansi, kukula kwa pansi pa khola n'kofunika kuposa msinkhu wake. Khola la masentimita 45 mulitali, mulifupi ndi msinkhu limakwanira kamphongo kamodzi ndi tatikazi tiwiri. Timphongo tiwiri saika pamodzi chifukwa timalimbana, ndipo kogonja kamasiya kudya.

Pansi pa khola amayala zinthu motsatana. Poyamba amaika timiyala kufika masentimita 3 mpaka 5, kuti madzi otsala azitsikira mmenemo. Pamwamba pa timiyala amayala sefa yoletsa dothi kulowa pansi. Kenako amathira dothi lakuda lofewa, lopanda feteleza, lokuya masentimita 5 mpaka 8 kuti kakakazi kathe kukumba poikira mazira. Pomaliza amawaza masamba ofota ochuluka. Masambawa ndiwo mtima wa khola: ndi pobisala, posaka ndiponso pomwe pamaswana tizilombo tating'ono tomwe timadya zoola ndi kuyeretsa dothi. Masamba, dothi ndi timitengo sizitengedwa m'munda wopoperedwa mankhwala, ndipo masamba a bulugamu ndi a paini amapewedwa chifukwa cha mafuta ake onunkhira.

Timitengo tokwerapo timafunika towonda ngati mapesi a udzu kapena pensulo, chifukwa timapazi ta kabirimankhwe sitingagwire nthambi yaikulu. Amatiika topingasana, tina chogona tina choimirira. Zomera zamoyo za pamthunzi zimapereka pogona ndi masamba osunga madontho a madzi. Khola loyenera ndi lomwe munthu amavutika kupeza kanyamako akasuzumira koyamba.

Kutentha, chinyezi ndi kuwala

Tibirimankhwe timakhala bwino pa madigiri 18 mpaka 25 masana, ndipo usiku kuzizire pang'ono. Kutentha kukapitirira madigiri 28 kwa maola angapo, tikhoza kufa. Chifukwa cha ichi khola saliika pazenera pofika dzuwa, pafupi ndi mbaula kapena pansi penipeni pa denga la malata lopanda siling'i. Kumadera okwera ngati Thyolo, Mulanje ndi Zomba nyengo ya m'nyumba imakwanira miyezi yambiri, kupatula Okutobala ndi Novembala pamene kumatentha kwambiri. Nthawi imeneyi khola amalitsitsa pansi m'chipinda chozizira ndi kuwaza madzi pafupipafupi. Kumalo otentha monga Chikwawa ndi Nsanje kuweta n'kovuta popanda makina oziziritsa chipinda, ndipo magetsi akazima tsiku limodzi lotentha ziweto zonse zikhoza kutha. Woweta amafunika kukhala ndi chipangizo choyezera kutentha mkati mwa khola.

Chinyezi chimasungidwa powaza madzi oyera ndi botolo lopopera mmawa ndi madzulo. Tibirimankhwe sitimwa m'mbale, timanyambita madontho a pamasamba. Pakati pa kuwaza koyamba ndi kwachiwiri masamba a pamwamba ayenera kuumako, chifukwa khola lonyowa nthawi zonse limachita nkhungu ndi kuyambitsa matenda a pakhungu ndi a m'mapapo.

Nyale yotenthetsa siifunika. Chofunika ndi kuwala kofatsa kwa maola pafupifupi 12 patsiku kuti zomera zikule. Oweta ambiri amawonjezera nyale ya UVB yamphamvu yochepa, yomwe imathandiza thupi kupanga vitamini D3. Kuwala kwa mtundu umenewu sikudutsa pagalasi wamba, choncho nyaleyo imaikidwa pamwamba pa sefa.

Chakudya ndi kuswana

Tibirimankhwe timadya tizilombo tamoyo tokhatokha, tosaposa kukula kwa mpata wa pakati pa maso ake. Timakonda tintchentche ta pazipatso zakupsa, tiana ta ziwala, tinjenjete ndi chiswe. Tintchentche n'tosavuta kuswetsa m'botolo lokhala ndi nthochi yofewa lotsekedwa ndi nsalu. Tiana timadya tsiku lililonse, pomwe tatikulu timadya pakadutsa tsiku limodzi. Chakudya amachiwaza ufa wa kashiamu kangapo pamlungu, popeza kusowa kwa kashiamu kumafewetsa mafupa, kupinda miyendo ndi kulepheretsa kakakazi kuikira mazira. Tizilombo tatikulu totsala m'khola amatichotsa madzulo chifukwa timaluma kanyamako kali m'tulo. Linthumbu ndi nyerere ndi adani oopsa, ndipo ena amaika miyendo ya tebulo la khola m'timbale ta madzi.

Kakakazi kamaikira mazira ochepa, kawirikawiri awiri mpaka asanu ndi limodzi, m'kadzenje kosaya pansi pa masamba, ndipo kamatha kuikira kangapo pachaka. Mazira amaswa pakatha miyezi iwiri kapena itatu malinga ndi kutentha. Tiana timadziyimira patokha kuyambira tsiku loyamba ndipo amatisamutsira m'khola lina laling'ono. Tinyamati sitikonda kugwidwagwidwa. Ndi ziweto zongoonerera, ndipo munthu akagwira khola ayenera kusamba m'manja ndi sopo chifukwa zokwawa zimatha kunyamula majeremusi a Salmonella.

Malamulo ndi chitetezo

Pa msonkhano wa pangano la CITES umene udachitikira ku Johannesburg mu 2016, mitundu ya Rhampholeon ndi Rieppeleon idaikidwa pa mndandanda wachiwiri wa panganoli. Izi zikutanthauza kuti kutumiza tinyamati kunja kwa dziko kumafuna chilolezo cha boma. Malawi ali m'panganoli. M'dziko muno nyama zakutchire zimayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakutchire motsatira lamulo lomwe lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo amene akufuna kusunga nyama yakutchire amayenera kuyamba wafunsa kumeneko za chilolezo.

Mbiri ya Rhampholeon chapmanorum ikusonyeza chomwe chimapulumutsa tinyamati. Mu 1998, poona kuti nkhalango ya Malawi Hills ikutha, tibirimankhwe 37 tidasamutsidwira kukankhalango ka ku Mikundi, kudera la Thyolo, makilomita pafupifupi 95 chakumpoto. Patapita zaka ena adaganiza kuti kwawo kwenikweni tidatheratu. Mu 2016 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South Africa, limodzi ndi a Museums of Malawi, lidatipeza tamoyo ku Mikundi komanso m'zigawo ziwiri za nkhalango yotsala ya Malawi Hills. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya Oryx, zidasonyeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya nkhalangoyo idadulidwa pakati pa 1984 ndi 2019, ndipo timagulu totsalato sitikuthanso kufikirana kuti tiswane. Mtundu wokhala m'tinkhalango towerengeka chotere ukhoza kutha ngakhale ochepa okha atagwidwa kukagulitsidwa. Pachifukwachi oweta odziwa amatenga tokhato toswedwa m'khola, osati togwidwa kutchire.

Chikhalidwe

M'nthano ya Achewa ndi Amang'anja yofotokoza chiyambi cha imfa, Chauta adatuma birimankhwe kukauza anthu kuti akamwalira adzauka, koma iye adachedwa panjira ndipo buluzi adafika msanga ndi uthenga wakuti imfa ndi yamuyaya. Mpaka lero anthu ambiri amaopa birimankhwe ndipo ena amamupha akamuona, poganiza kuti ali ndi ululu. Palibe mtundu wa birimankhwe umene uli ndi ululu, ndipo yense amathandiza pakudya tizilombo.