Mgiriki Wogona pa Phiri ku Chirundu, ndi Anzathu Ogona ku Chingwere

Pamene tikukondwerera zaka 50 za mpingo wathu, ndi bwino kuyamba ndi dzina la malo amene tikukhalamo. Tsiku lililonse angwangwazi amafuula kuti "George! George!" ndipo ife timakwera basi osaganiza kuti limeneli ndi dzina la munthu. Komboni yathu inatenga dzina kwa George Hadjipetrou, amene anali mwini malo kuno nthawi ya atsamunda, monga mmene John Howard, John Laing ndi Marrapodi zinatengera maina kwa eni malo a kumeneko. Pambuyo pake komboniyi inapatsidwa dzina lakuti Mwaziona, koma pakamwa pa anthu dzina lakale silinachoke.

Hadjipetrou ndi dzina lachigiriki. Agiriki anayamba kufika m'dziko lino njanji isanathe n'komwe kumangidwa, ndipo ambiri anali amalonda, alimi ndi omanga. Mmodzi mwa oyamba, amene imfa yake ndi manda ake zikukumbukikabe, ndi Nikolaos Vlachakis. Ndasankha kulemba za iye chifukwa njira yolondola imfa ya mlendo ameneyu itiphunzitsa kanthu za akufa athu.

Munthu wake

Nikolaos anabadwa mu 1870 m'mudzi wa Malia pa chisumbu cha Crete, chimene Baibulo lathu limachitcha Krete, kumene Paulo anasiya Tito. Nthawi imeneyo chisumbucho chinali pansi pa ulamuliro wa Aturuki, ndipo anthu ake anawaukira kangapo. Nikolaos anachoka kwawo, nafika ku gombe la Mozambique, nayenda wapansi mtunda wautali mpaka ku Chirundu, m'mbali mwa Zambezi, makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku Lusaka. Kumeneku kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Patapita nthawi anakatenga mng'ono wake Dimitris. Awiriwa ankalima fodya ndi kusaka nyama, ndipo anakwatira akazi a m'chigwa momwemo.

Mbiri ya banja lawo imati Nikolaos anamwalira pa 13 April 1913 atavulazidwa ndi mkango, ndipo anthu anamuika pamwamba pa phiri mwaulemu woyenera mfumu. Dimitris anakhala zaka zina 26, namwalira mu 1939, chaka chimene mlatho woyamba wa pa Chirundu unatsegulidwa. Amati anasiya ana 32. Lero dzina la Vlahakis ndi la Azambia ambiri, ena muno mu Lusaka.

Nkhani ndi imeneyo. Koma mdzukulu amene afuna kutsimikiza imfa ya agogo ake m'mabuku akale adzakumana ndi mipanda inayi.

Mpanda woyamba: dzina

Chigiriki chili ndi zilembo zakezake, ndipo kalaliki aliyense wachingerezi ankalemba monga mmene khutu lake lamvera. N'chifukwa chake ena amalemba Vlachakis, ena Vlahakis. Dzina loyamba nalonso limasanduka Nicholas. Wofufuza amene agwiritsa kalembedwe kamodzi kokha angadutse agogo ake pa tsamba osawazindikira. Komabe dzina limathandizanso kulozera kwawo kwa munthu. Maina othera ndi "-akis" kawirikawiri ndi a ku Crete, ndipo oyamba ndi "Hadji-" pakati pa Agiriki amasonyeza kuti kholo lina linapita ku Yerusalemu pa ulendo wa chipembedzo. Zili ngati ife tikamva Tembo, Mwale kapena Hamoonga: tisanafunse, tayamba kale kuganiza dera lake.

Mpanda wachiwiri: dziko

Tinganene kuti Nikolaos anali Mgiriki, koma pamene ankabadwa Crete sichinali mbali ya dziko la Greece. Mu 1898 chinayamba kudzilamulira pa zambiri, ndipo chinalowa kwathunthu mu Greece kumapeto kwa 1913, iye atagona kale miyezi ingapo. Choncho munthu wa ku Crete wa nthawi imeneyo angapezeke m'buku lina ngati Mgiriki, m'buku lina ngati nzika ya Aturuki. Kuno nakonso maina anasintha. Northern Rhodesia inapangidwa mu 1911 pophatikiza zigawo ziwiri, ndipo inkalamulidwa ndi kampani ya British South Africa Company mpaka 1924. Makalata a imfa ya mu 1913 sankapita ku Lusaka ayi. Likulu linali Livingstone mpaka 1935, ndipo Lusaka mu 1913 anali kamudzi ka pa siteshoni kamene kanali kutangolandira kumene bungwe lokayang'anira.

Mpanda wachitatu: tsiku

Mpaka 1923 dziko la Greece linkatsata kalendala yakale, imene inali m'mbuyo ndi masiku 13. Tsiku limene Mngerezi ankalemba kuti 13 April, wansembe wa ku Malia akanalemba kuti 31 March. Munthu wopeza masiku awiriwa angaganize kuti buku limodzi lanama, kapena kuti anamwalira ndi anthu awiri, pamene onse akunena tsiku limodzi.

Mpanda wachinayi: manda

Mzungu womwalira m'tauni ankapita ku manda okhala ndi kaundula. Kuno ku Lusaka manda a Aylmer May ku Rhodes Park anagwira nchito kuyambira 1922 mpaka 1958, ndipo anagawidwa malinga ndi mtundu ndi chipembedzo. Nikolaos anamwalira manda amenewa asanatsegulidwe, ndiponso kutali ndi tauni, m'chigwa chotentha mmene maliro sangadikire. Manda ake sanasungidwe ndi khonsolo. Anasungidwa ndi anthu amene ankadziwa phirilo n'kumalozera ana awo.

Pa imfa yotere wofufuza amayenda njira zingapo. Ku National Archives of Zambia, ku Ridgeway, kuli mabuku amene mabwanamkubwa a maboma ankalembamo za mafumu, misonkho ndi zochitika za m'madera awo. Kuli Gazette ya boma, mmene ankalengezamo chuma cha omwalira kuti angongole abwere. Inalipo ndi nyuzipepala ya Livingstone Mail, imene Leopold Moore anayamba mu 1906. Ndiye pali mabuku a ubatizo a kumudzi kwawo, pali mwala wa pa manda, pali ndi mawu a nkhalamba. Palibe mboni imodzi yokwanira payokha. Buku limasunga tsiku koma lingalakwitse dzina. Nkhalamba imasunga malo ndi chifukwa cha imfa koma ingasokoneze chaka. Choona chimaoneka pamene mboni ziwiri kapena zitatu zagwirizana.

Amene sanalembedwe

Pali chinthu china chimene chiyenera kutikhudza. Nkhani zofalitsidwa za banjali zimatchula abale awiriwa, mudzi wawo ndi zaka zawo, koma amai amene anabala mtundu wonsewo kawirikawiri amangotchedwa akazi a kumeneko. Chifukwa chake si chachilendo. Boma la atsamunda linkalemba kubadwa ndi kumwalira kwa azungu, koma Mwafirika linkamuwerenga makamaka pa msonkho ndi pa chitupa. Lamulo lakuti kubadwa ndi imfa ya munthu aliyense m'Zambia zilembedwe linabwera mu 1973. Ndiye kuti makolo athu ambiri amene anachokera ku Chipata, Katete, Petauke, Malawi ndi Mozambique kudzaumba njerwa, kuphwanya miyala ndi kugwira nchito m'nyumba za azungu, anakhala ndi kumwalira popanda buku la boma lowatchula. Nawonso anali alendo muno, monga Nikolaos ku Chirundu. Kwa ambiri a iwo, pepala lokhalo lokhala ndi dzina lawo linali khadi la mpingo.

Mpingo wathu unabadwa m'zaka zimene George ankasintha. Mu 1974 boma linakhazikitsa lamulo lovomereza makomboni ena, ndipo ndi thandizo la World Bank misewu inalambulidwa ndi mipopi ya madzi inaikidwa ku George, Chawama ndi Chaisa. Eni nyumba anayamba kulandira chilolezo chokhala pa malo awo kwa zaka 30. Amuna ndi akazi amene anaumba njerwa za tchalitchi chathu ndi a m'badwo umenewo, ndipo ambiri tinawaperekeza kale ku Chingwere. Aliyense amene anapitako kukafuna manda akale akudziwa mmene zimakhalira. Kachitsulo kolembapo dzina kamachita dzimbiri kapena kubedwa, mtumbira umatitimira ndi mvula, udzu umamera, ndipo pambali pake pagona anthu ena atsopano. Banja limaima n'kumatsutsana kuti kodi ndi pano kapena ndi apo. Mlendo wa ku Crete wagona zaka zoposa 110 ndipo tsiku lake likutchulidwabe. Kodi dikoni amene anagona mu 1988, zidzukulu zake zikudziwa mzere wake?

Nkhaniyi si ya chikumbutso chokha. Mabanja ambiri akalandira burial permit ku khonsolo amaganiza kuti zatha, osapita ku ofesi ya kalembera kukatenga chikalata cha imfa. Vuto limadzaoneka pamene amai amasiye kapena ana afuna kusintha dzina pa pepala la nyumba, kutenga penshoni, kapena kukaonekera ku khoti pa nkhani ya chuma cha masiye motsata lamulo la 1989. Wopanda pepala amavutika kudziteteza kwa achibale olanda katundu.

Chaputala 23 cha Genesis chimasimba za maliro a mlendo. Sara anamwalira m'dziko la eni, ndipo wolemba anasunga zaka zake 127, dzina la malo, dzina la wogulitsa munda, mtengo wa masekeli 400 a siliva, ndi mboni zimene zinalipo. Chifukwa cha kulemba kumeneko ana ndi zidzukulu anadziwa kobwerera.

Chimene tingachite m'chaka chino

Pempho langa kwa inu ndi ili. Banja lililonse likhale pansi ndi wamkulu amene watsala, lilembe maina onse a womwalira: la ubatizo, la kumudzi, la mfunda, ndi limene ankadziwika nalo ku nchito, pamodzi ndi kalembedwe kena kalikonse kamene kali pa registi yake. Lembani mudzi, mfumu ndi boma la kwawo, tsiku lomwalira, tsiku loika, manda ake ndi nambala yake ngati ilipo. Musaiwale amai. Lembani dzina lawo la kwa makolo awo, asangokhala "amake uje". Achinyamata ajambule ndi foni makadi akale, ma burial permit ndi miyala ya pa manda, ndipo kope limodzi libwere kwa mlembi wa mpingo. Akulu a madera ndi amai a chigwirizano, inu amene mumagona pa maliro ndipo mukudziwa amene anagona kuti, tikudalira inu. Ifenso a ku ofesi tidzakopera mabuku athu akale a ubatizo, ukwati ndi maliro, chiswe ndi chinyezi zisanawamalize.

Amene adzakonza kabuku ka zaka 100 za mpingo uno sadzatipeza kuti atifunse. Adzapeza zokhazo zimene talemba. Ambuye akudalitseni pamene mukugwira nchito imeneyi.