Mbiri ya Nthambo Yosataya Magetsi ndi Miyala ya Kwathu

Madzi a m'nyanja akatuluka pa Mangochi n'kutsika ndi Shire, amakazunguza makina ku Nkula, komwe magetsi anayamba kupangidwa mu 1966. Pobwera m'nyumba zathu magetsi ena amathera m'njira, poti nthambo imatentha ikawanyamula. N'chifukwa chake asayansi akhala akusakasaka chinthu chodutsitsa magetsi osataya ngakhale pang'ono.

Woyamba kuchiona anali Heike Kamerlingh Onnes ku Leiden mu 1911. Ataziziritsa mekyule kufika madigiri 269 pansi pa ziro, magetsi anangodutsa popanda chowatchinga. Koma kuziziritsa kotereku n'kodula. Mu 1986, Bednorz ndi Müller ku Zürich anapeza khalidwe lomweli m'chosakaniza cha kopa, lanthanum, barium ndi okosijeni, chosalira kuzizira kofika pamenepo. Funso linabuka: nanga nickel, mnansi wa kopa, sangathe?

Yankho linadikira zaka zoposa 30. Mu 2019, Danfeng Li ndi Harold Hwang ku Stanford anapanga kachikamba kopyapyala ka neodymium, strontium, nickel ndi okosijeni, ndipo kanatheka pa madigiri pafupifupi 260 pansi pa ziro. Mu 2023 gulu la Meng Wang ku Sun Yat-sen University ku China linafika pa 193 pansi pa ziro ndi chosakaniza cha nickel ndi lanthanum, ngakhale linachita kuchipanikiza mwamphamvu zedi.

Pomwe pakoma nkhani ndi pa mkangano wa ma elekitironi, tinthu tonyamula magetsi. M'zosakaniza za kopa, nthawi zina amaleka kuyenda n'kundanda m'mizere ngati mbewu za m'munda, ndipo kundandaku kumalimbana ndi kuyenda kosataya kuja. Mu 2022 magulu angapo analengeza kuti aona zomwezo mu nickel. Mu 2024 ofufuza a ku Cornell anapanga zikamba zoyera bwino, mizere ija osaoneka. Anati idachokera ku okosijeni wotsalira popanga. Ine ndimalemekeza kwambiri ntchito yobwereza moleza mtima chonchi.

Tsono neodymium ndi lanthanum si zachilendo kwathu kuno. Zimapezeka mu mwala wa monazite, womwe wadzaza m'phiri la Kangankunde ku Balaka. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inagwirizana zogula mgodi wa m'phirili pa madola 30 miliyoni a ku America. Mchenga wakuda wa kwa Makanjira, womwe kampani ya Mawei inapatsidwa chilolezo chokumba, uli ndi ilmenite, zircon komanso monazite pang'ono. Ndimalakalaka mafumu ndi makhansala a m'mbali mwa nyanja atamakhala pa zokambirana za migodi akudziwa komwe miyalayi imakathera.