Mawu akuti "vuto" pa maphunziro a udokotala

Ophunzira za udokotala akamati "vuto la sabata ino", sakunena za njala kapena za fizi. Akunena nkhani ya wodwala yolembedwa papepala, yomwe ndi poyambira phunziro m'njira yodziwika mwachidule kuti PBL. Njirayi inayamba mu 1969 kusukulu ya udokotala ya McMaster University, mumzinda wa Hamilton ku Canada, ndipo a ku Maastricht, ku Netherlands, anaitengera m'zaka za m'ma 1970.

Pepalalo limakhala lalifupi: mayi wa zaka 30 watupa mapazi, akakwera kachitunda amapuma mwabefu, usiku sagona popanda kutsamira mapilo awiri. Basi. Za mtima palibe amene wawaphunzitsa kale. Ophunzira 8 kapena 10 amazungulira tebulo, mmodzi n'kumalemba pabolodi zimene akudziwa, zimene akungoganizira, ndi zoti akawerenge. Pakapita masiku angapo amakumananso kudzafotokozerana.

Chimene chimasowetsa mtendere ambiri m'chaka choyamba ndi mphunzitsi. Ali pomwepo, yankho akulidziwa, koma amangoti, "N'chifukwa chiyani mukuganiza choncho?" Amene anazolowera kukopera manotsi kusekondale amaona ngati am'bera ndalama. Palinso funso losatha: ndiwerenge mpaka pati? Wina amachezera usiku wonse pa kayendedwe ka magazi mumtima, pomwe mnzake wangowerenga ndime ziwiri koma ndiye wolongolola pagulu. Wamanyazi, ngakhale atakonzekera chotani, nthawi zina amatuluka asanayankhulepo n'kamodzi komwe, ndipo apa ine ndimadzudzula mphunzitsi amene sanam'patse mpata.