Misonkho Iŵiri ya Mlimi wa Fodya ku Nathenje

Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Dedza, akafika pa Nathenje dzinja litangotha, amaona zigafa zodzaza ndi fodya kuseri kwa nyumba, ndi mabelo oyembekeza galimoto m'mbali mwa msewu. Mbewu imeneyi yakhala m'dera la Nathenje ndi Mitundu kwa zaka pafupifupi zana limodzi, ndipo mbiri yake ndi yomangirizana ndi mbiri ya msonkho. Mlimi wa m'midzi imeneyi ankapereka misonkho iŵiri. Woyamba unali ndi dzina lake ndi chitupa chake, ndipo mwamuna aliyense ankadziŵa kuchuluka kwake. Wachiŵiri unkadulidwa mwakachetechete pa sikelo ya pa msika, wopanda chitupa, ndipo zaka zambiri unkaposa woyamba uja.

Msonkho wa chitupa ndiwo unayamba. Harry Johnston, amene anakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi m'dziko muno m'chaka cha 1891, ankafuna ndalama zolipira asilikali ndi akalaliki ake, popeza boma la ku London silinkafuna kutaya chuma chake pa dziko laling'ono lakutali. Poyamba anaika masheleni 6, koma amishoni atadandaula, msonkhowo unatsika kufika pa masheleni 3 pa nyumba iliyonse. Ku chigawo chino, chimene atsamunda ankachitcha Central Angoniland, msonkho unafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Mwase wa ku Kasungu ndi Gomani wa Angoni atagonjetsedwa ndi mfuti. Munthu wolephera kukhoma ankamuotchera nyumba, kapena amesenjala ankagwira mkazi wake n'kumusunga pa boma kufikira mwamunayo atapeza ndalama.

M'chaka cha 1902 anaonjezapo ukathyali wina. Msonkho unakwera kufika pa masheleni 6, koma munthu amene wagwira ntchito kwa Mzungu mwezi wathunthu ankapereka theka lokha. Cholinga chake chinali choonekeratu: minda ya Azungu ya ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje inkasoŵa antchito, ndipo msonkho ndiwo unali mkwapulo woŵatumizira anthu. Amuna a m'midzi ya kuno ankayenda pansi masiku ambiri kupita kummwera, ena n'kupitirira mpaka ku Halale ndi ku Joni kumene malipiro anali abwinoko. Lamulo la theka limeneli linathetsedwa m'chaka cha 1921, ndipo msonkho unakhala masheleni 6 kwa aliyense.

Pa nthaŵi yomweyo m'pamene fodya analoŵa m'nkhaniyi. M'chaka cha 1920 Azungu aŵiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula munda ku Mbabzi, chakumadzulo kwa boma la Lilongwe. Iwo anaona kuti dothi la katondo la m'chigwa cha Lilongwe limayanjana ndi fodya woŵamba ndi utsi, amene anthu amamutcha chikopa, ndipo anaonanso kuti n'kotchipa kugaŵira anthu a m'midzi mbande n'kudzagula masamba kusiyana n'kulemba antchito. Mwaŵi wina unachokera kutsidya kwa nyanja. M'chaka cha 1919 boma la Britain linachepetsa msonkho wa pa doko pa fodya wochokera m'maiko a ufumu wake, ndipo mu 1925 linauchepetsanso, kotero kuti fodya wa ku Nyasaland anayamba kupikisana ndi wa ku America pa msika wa ku Mangalande. Chigamulo chopangidwa m'nyumba ya malamulo ya pa chilumba chakutali chinasintha moyo wa m'mudzi umene aphungu ake sanaumvepo dzina. M'zaka zoŵerengeka alimi anachuluka kuchoka pa mazana kufika pa zikwizikwi, ogula ankalimbirana masamba, ndipo munthu anatha kukhoma msonkho, kugula nsalu ndi njinga, osachoka pa khomo pake.

Kulimbirana kwa ogulako n'kumene sikunakondweretse eni minda. Ankadandaula kuti anthu ongobwera akukolola pamene sanafese, kuti fodya akutsika ubwino, ndiponso, ngakhale izi sankazinena mokweza, kuti munthu wopeza ndalama m'munda mwake safuna kukagwira ntchito m'munda wa wina. Boma linaŵamvera. M'chaka cha 1926 linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board, ndipo Barron mwiniwakeyo anali mmodzi wa okhala m'bungwemo. Mlimi Wachikuda analibemo mpando, ngakhale kuti bungwelo linali ndi dzina lake ndipo linkadya thukuta lake.

Apa m'pamene panabadwira msonkho wachiŵiri. Mlimi aliyense anayenera kulembetsa dzina, kulima munda wa muyeso umene waloledwa, ndi kugulitsa pa misika yokhayo imene bungwe lavomereza. Pa mapaundi 100 alionse a fodya bungwe linkatenga masheleni 2 ndi makobiri 6, ndipo mu 1930 linakweza gawo limeneli. Pa mapepala ndalamazo zinkaoneka ngati akupereka ndi wogula, koma wogula sapusa: ankangozichotsa pa mtengo wopatsa mlimi. Kunena zoona, ndalamazo zinalipiradi alangizi ndi akapitawo amene anaphunzitsa anthu kufesa nazale, kudula nsonga ndi kusankha masamba, ndipo luso limene midzi ya Mitundu imadziŵika nalo linachokera kwina m'maphunziro amenewo. Koma akapitawo omwewo ndiwo ankazula fodya woposa muyeso ndi kufafaniza maina a alimi m'kaundula.

Mitengo itagwa pa dziko lonse lapansi kuyambira mu 1929, bungwe linasankha kuchepetsa alimi ndi kutseka misika ina. Mayi kapena bambo ankasenza mtolo wa fodya ulendo wautali, kugona panjira, n'kukafika pamaso pa wogula amene akanatha kukana mtolowo ndi mawu amodzi. Kubwerera nawo kumudzi kunali kosatheka, choncho ankalandira chilichonse chimene wapatsidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Alimi a nthaŵi imeneyo anaumva mwambiwu m'njira imene oupeka sanaiganizire. Ambiri mwa ofafanizidwa m'kaundula anakaloŵa utenanti m'minda ya Barron ndi ya Conforzi, kumene malamulo a muyeso sankafikako. Ngakhale zinali choncho, pakati pa zaka za m'ma 1930 Chigawo cha Pakati chinali ndi alimi olembetsedwa pafupifupi 30,000, ndipo ndicho chinkatulutsa gawo lalikulu la fodya wa dziko lonse.

M'chaka cha 1937 mtengo unatsika koopsa ndipo mtima wa anthu unasefukira. Pa misika ya m'boma la Lilongwe panabuka zipolowe, alimi anakana kugulitsa, ndipo ambiri anasiya kulima fodya chaka chotsatira. Boma linayankha ndi dongosolo latsopano. Mu 1938 linatsegula msika wa okushoni ku Limbe, ndipo bungwe lija linasanduka wogula yekhayo wa fodya wa m'midzi: linkagula kwa mlimi pa mtengo umene laika lokha, n'kukagulitsa ku Limbe pa mtengo wa okushoni. Kusiyana kwa mitengo iŵiriyi ndiko kunakhala msonkho weniweni. M'zaka za nkhondo yachiŵiri ndi pambuyo pake, pamene fodya ankafunidwa kwambiri, bungwe linkatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wa okushoni, nthaŵi zina kuposa pamenepo. Zina mwa ndalamazo ankati akusungira chaka cha mavuto, zina zinkapita ku thumba la chitukuko cha anthu Achikuda m'dziko lonse. Mlimi wa ku Nathenje sankauzidwa kuti mtolo wake wagulidwa zingati ku Limbe.

Nanga akanafunsa yani? Nyumba ya Malamulo inakhazikitsidwa ku Zomba mu 1907, koma kwa zaka zoposa makumi anayi munalibe Mwafirika ndi mmodzi yemwe. Zofuna za anthu a m'midzi ankazilankhula ndi m'mishoni wosankhidwa ndi Bwanamkubwa. Mafumu, amene lamulo la 1933 linaŵapatsa mabwalo ndi udindo, anali otolera msonkho, osati oŵerengera boma ndalama. Ndipo gawo lalikulu la chuma cha boma linkathera ku ngongole za njanji yopita ku Beira, imene inatsegulidwa mu 1922, ndi mlatho wa pa Zambezi wa mu 1935. Njanjiyo inathera ku Salima, ndipo inafika ku Lilongwe mu 1979. Okhoma msonkho a m'chigwa chino anathandiza kulipira sitima imene ambiri a iwo anamwalira asanaione.

Mafunso anayamba kumveka kudzera m'mabungwe a anthu ophunzira. Bungwe la anthu a Chigawo cha Pakati, limene George Simeon Mwase anathandiza kukhazikitsa mu 1927, linkalembera boma madandaulo a alimi a fodya. Pambuyo pake James Ralph Chinyama, mlimi wa m'boma la Lilongwe, anatsogolera alimi anzake, anakhala pulezidenti wa Nyasaland African Congress mu 1950, ndipo mu 1956 anali mmodzi wa Aafirika asanu oloŵa m'Nyumba ya Malamulo pamodzi ndi Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. M'chaka chomwecho mabungwe a fodya, thonje ndi chimanga anaphatikizidwa kukhala Agricultural Production and Marketing Board. Chidani cha alimi pa bungwe limeneli, pamodzi ndi malamulo a malimidwe okakamiza mizere, chinathandiza kwambiri kudzaza misonkhano ya Congress m'midzi.

Chomvetsa chisoni m'mbiri imeneyi n'chakuti ufulu unasintha dzina la bungwe koma sikelo inakhala yomweyo. Mu 1962 linatchedwa Farmers Marketing Board, ndipo mu 1971 linakhala ADMARC. Bungweli linatsegula misika pafupi ndi midzi, linagulitsa feteleza ndi mbewu, ndipo pa nthaŵi ya njala anthu ankapezako chimanga. Izi alimi sanaziiŵale. Koma mlimi wamng'ono wa chikopa sankaloledwa kugulitsa kwina, ndipo lamulo la mbewu zapadera linamuletsa kulima fodya wa bale ndi woŵamba ndi mapaipi, amene anali ndi ndalama zambiri, pokhapokha akhale tenanti pa esiteti. Eni maesiteti ankagulitsa okha ku okushoni n'kulandira mtengo wathunthu. Phindu limene ADMARC inkapeza pa mbewu za alimi ang'ono linkabwerekedwa kapena kuikidwa m'maesiteti ndi m'makampani, kuphatikizapo Press ya Dr. Kamuzu Banda. Akatswiri a zachuma Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen anafotokoza zimenezi mu 1982, koma m'Nyumba ya Malamulo ya chipani chimodzi phungu wofuna moyo wautali sankadzutsa nkhani yotere.

Zinthu zinayamba kumasuka mu 1990, pamene alimi ang'ono oŵerengeka analoledwa kulima bale, ndipo m'zaka zotsatira chiletsocho chinachotsedwa. Msonkho wa chitupa nawo unatha pa nyengo imene dziko linkaloŵa m'ndale za zipani zambiri. Alimi a Nathenje ndi Mitundu anapanga makalabu n'kuyamba kutumiza mabelo awo ku msika wa Kanengo. Kumeneko mlimi amalandira pepala losonyeza kulemera kwa belo, mtengo wake m'madola a ku America, ndi mndandanda wa zodulidwa: za msika, za bungwe loyang'anira fodya, za kafukufuku, za galimoto, ndi ngongole ya feteleza ngati analima pa mgwirizano ndi kampani. Madandaulo a mitengo yotsika ndi mabelo obwezedwa amamveka chaka ndi chaka, ndipo pa mabwalo a makalabu pepala limeneli limaŵerengedwa mokweza, mzere ndi mzere, kuti nawonso osadziŵa kuŵerenga amve zimene zachotsedwa.