Maselo Oyambira a M'makoma a Mitsempha ya Magazi

Maselo oyambira, amene asayansi amawatcha stem cell, ndi maselo omwe sanakhazikike pa ntchito imodzi. Amatha kugawikana n'kusanduka maselo a fupa, a mafuta, a minofu kapena a mtsempha. Kwa zaka zambiri ankafunidwa makamaka m'kati mwa mafupa, koma tsopano zikudziwika kuti ena amakhala m'khoma lenilenilo la mitsempha ya magazi.

Khoma la mtsempha waukulu lili ndi zigawo zitatu. Cham'kati n'chosalala, ndipo magazi amayenda mochikhudza. Chapakati ndi cha minofu, chakunja n'cholimba ngati luzi. Timitsempha tating'ono kwambiri tilibe zigawo zonsezi, koma timakumbatiridwa ndi maselo otchedwa pericyte, amene Charles Rouget wa ku France anawafotokoza mu 1873. Mu 2006 gulu la Süleyman Ergün ku Germany linapeza maselo otha kupanga timitsempha tatsopano pamalire a chigawo chapakati ndi chakunja. Mu 2008 Mihaela Crisan ndi Bruno Péault ku Pittsburgh anatenga ma pericyte m'minofu, m'mafuta ndi m'nsengwa, ndipo atawalera m'labotale anapanga maselo a fupa, a mafuta ndi a minofu.

Chokopa kwambiri n'chakuti maselowa amapezeka m'zinthu zimene nthawi zambiri zimangotayidwa. Ku Bristol mu 2010, ofufuza anawapeza m'zidutswa za mtsempha wa m'mwendo zotsala pa opaleshoni ya mtima. Chingwe cha mchombo chimene azamba amamanga n'kudula pachipatala chili ndi mitsempha itatu, iwiri yochotsa magazi kwa mwana ndi umodzi wowabweretsa, ndipo kuzungulira mitsemphayi nakonso kuli maselo otere.

Komabe zochitika m'labotale sizimachitika chimodzimodzi m'thupi. Kafukufuku wa mu 2017 pa mbewa anasonyeza kuti ma pericyte ankakhalabe ma pericyte ngakhale mbewa zitakalamba kapena kuvulala. Palinso umboni wakuti maselo ena a m'khoma la mtsempha amathandiza kuumitsa mitsempha. Chiyembekezo n'chakuti tsiku lina maselo oyambirawa adzathandiza mabala a odwala shuga ndi miyendo yosafika bwino magazi, koma ntchitoyi idakali yoyesera. Ufa wa m'timapaketi umene ena amatsatsa kuti ndi wa stem cell si maselo amenewa, ndipo wodwala shuga kapena BP asasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha ufawo.