Mkungudza wa ku Mulanje

Mkungudza wa ku Mulanje (Widdringtonia whytei) ndi mtengo wa m'banja la Cupressaceae, ndipo suyoyola masamba chaka chonse. Mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha, m'zigwa zozizira za pamwamba pomwe nkhungu imagwa kawirikawiri. Dzina lake la sayansi limakumbutsa Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa ku Scotland. Mu 1984 unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi.

Maonekedwe: Ukakhwima umatalika mpaka mamita 40. Masamba a mtengo waung'ono amakhala osongoka ngati singano, koma ukakula amasanduka timamba tating'ono tokakamira ku nthambi. Zibalobalo zake ndi zozungulira, zamagawo anayi, ndipo zikauma zimang'ambika n'kutulutsa njere zamapiko. Matabwa ake ndi onunkhira, olimba, osadyedwa ndi chiswe.

Kalimidwe: Njere zimafesedwa ku nazale, kenako mbande zimaokeredwa m'machubu mpaka zitalimba. Zimabzalidwa mvula ikakhazikika, pamalo ozizira ndi pa dothi lachinyezi koma losadikha madzi. Mlimi azipalira ndi kulambula mozungulira, chifukwa mtengowu ukapsa suphukanso. Ayang'anirenso nsabwe zotchedwa Cinara cupressi zomwe zimaumitsa nthambi.

Chitetezo: Kucheka matabwa mozembera lamulo ndi moto wolusa zatha mitengoyi, moti kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha m'phirimo. Mabungwe a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi BGCI, pamodzi ndi midzi yozungulira, akhala akubzala mbande zambirimbiri kuti mtengowu usatheretu.