Bawo (masewera opumulira)

Bawo ndi masewera a anthu awiri amene abambo a m'dera la Mfumu Yaikulu Msakambewa ku Dowa, ndi m'midzi ya m'mapiri a Ntchisi, amapepukirako mtima akaweruka kumunda. Thabwa lake limakhala ndi maenje 32, m'mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, ndipo wosewera aliyense amakhala ndi mizere iwiri. Nkhomo, zimene amaseweretsa m'maenjemo, zonse ndi 64. Kumene kulibe thabwa amakumba maenje pansi n'kugwiritsa ntchito timiyala. Masewerawa ndi a mtundu umodzi ndi bao ya ku Zanzibar.

Wosewera amatola nkhomo m'dzenje limodzi n'kumaziponya imodziimodzi m'maenje otsatira. Kutengera pamene yomaliza yagwera, amadya nkhomo za mnzake, amapitiriza kuponya, kapena amagona n'kusiyira mnzake kuti asewere. Wagonja ndi amene mzere wake wakutsogolo watha nkhomo, kapena amene alibenso choyendetsa.

Mpumulo wake wagona pa kuwerenga nkhomo. Munthu amene akulondola m'mutu kumene nkhomo yomaliza ikathere sangaganizenso nthawi yomweyo za ngongole ya feteleza kapena za mabelo a fodya amene akudikira kugulidwa ku Kanengo. Oonerera nawo amaseka, kunyogodola wodyedwa ndi kupereka nzeru zimene palibe wawapempha.

Bawo imachuluka m'chilimwe, anthu atakolola, pansi pa mtengo kapena pakhonde la golosale. Amayi saoneka kawirikawiri pabawo, ndipo ena amadandaula kuti imadya dzuwa lonse ntchito zili chiimire.